Maungu Owala Usiku: Chionetsero cha Masika ku Chigwa cha Hudson

Chaka ndi chaka, kuyambira pakati pa Sepitembala mpaka m'Novembala, bwalo ndi minda ya nyumba yakale yotchedwa Van Cortlandt Manor, m'tauni ya Croton-on-Hudson m'chigawo cha New York ku United States, zimadzaza ndi maungu osemedwa oposa 7,000. Dzuwa likalowa, m'kati mwa maunguwo mumayatsidwa makandulo ndi timababu, ndipo nkhope, nyenyezi, nyama ndi maluwa zimene anthu anasema pa makungu ake zimayamba kuoneka mumdima. Chionetserochi chimatchedwa The Great Jack O'Lantern Blaze. Chinayamba mu 2005 ndipo chimayendetsedwa ndi bungwe la Historic Hudson Valley, lomwe limasamalira nyumba zingapo zakale za m'mbali mwa mtsinje wa Hudson.

Ku America kuli zionetsero zambiri za mtundu umenewu, koma cha ku Croton-on-Hudson chili m'gulu la zodziwika kwambiri. Gwero lake ndi mwambo wa pakhomo. Banja limagula dzungu limodzi kapena awiri, n'kuchotsa zam'kati, kusema maso, mphuno ndi pakamwa, kenako n'kuika kandulo m'katimo pa usiku wa Halloween, pa 31 Okutobala. Dzungu lotero limatchedwa jack-o'-lantern. Zionetsero zikuluzikulu zinatenga kamwambo ka pakhonde kameneka n'kukasandutsa luso la pagulu, lofuna amisiri, alimi, akatswiri a magetsi ndi anthu ongodzipereka ambirimbiri. Luso limeneli lili ndi khalidwe lakelake: chosemacho chimayamba kuwola tsiku lomwelo chasemedwa, ndipo kukongola kwake kumaoneka kukada basi.

Nyengo ndi malo

Kumpoto chakum'mawa kwa United States, masika amagwa pakati pa Sepitembala ndi Novembala. Ndiyo nthawi yokolola chimanga, maapozi ndi maungu, dzinja la chipale lisanafike. Masana amafupika tsiku ndi tsiku. Mitengo yambiri imaleka kupanga mtundu wobiriwira m'masamba ake, ndipo mitundu yachikasu ndi yofiira imaonekera masambawo asanayoyoke. Chigwa cha Hudson chimatchuka ndi maonekedwe amenewa, moti anthu a mumzinda wa New York amakwera sitima kapena galimoto kukaona mapiri atasintha mtundu. Kumapeto kwa Okutobala dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko madzulo, ndipo Lamlungu loyamba la Novembala mawotchi akabwezedwa ndi ola limodzi, kumada 5 koloko isanakwane. Mdima wofulumirawu ndi umene umatheketsa kuti mabanja okhala ndi ana aang'ono aone chionetsero cha usiku n'kubwerera kunyumba nthawi idakalipo.

Croton-on-Hudson ili pa mtunda wa makilomita oposa 50 kumpoto kwa Manhattan, pamene mtsinje wa Croton umathira mu Hudson. Sitima za Metro-North zochokera pa siteshoni ya Grand Central zimayenda pafupifupi ola limodzi kukafika pa siteshoni ya Croton-Harmon, yomwe ili pafupi ndi malo a chionetsero. Nyumba ya Van Cortlandt Manor inali ya banja lochokera ku Netherlands. Stephanus Van Cortlandt analandira chikalata cha mfumu ya ku England chomutsimikizira umwini wa dera lalikululi mu 1697, ndipo mbumba yake inakhala m'nyumbayo kwa mibadwo ingapo. M'zaka za m'ma 1950 John D. Rockefeller Jr. anagula malowo kuti akonzedwe ndi kusungidwa. Ndi yemweyo amene anayambitsa, mu 1951, bungwe lomwe lero limatchedwa Historic Hudson Valley.

Makilomita ochepa kumwera kuli mudzi wa Sleepy Hollow, umene dzina lake linatchuka chifukwa cha nthano yomwe Washington Irving anasindikiza mu 1820, The Legend of Sleepy Hollow. M'nthanoyo mphunzitsi wina dzina lake Ichabod Crane athamangitsidwa usiku ndi wokwera pa kavalo wopanda mutu, ndipo kutacha anthu angopeza chipewa chake ndi dzungu lophwanyika. Dzungu la m'nthanoyo silinali losemedwa, koma ojambula zithunzi ndi opanga mafilimu a pambuyo pake analipatsa nkhope yoyaka moto. Mudziwu unkatchedwa North Tarrytown mpaka 1996, pomwe eni ake anavota kuti utenge dzina la m'nthano. Choncho derali linali kale ndi mbiri yogwirizanitsa dzungu, mdima ndi mantha a masika chionetsero chisanayambe.

Kumene mwambowu unachokera

Nyali zosemedwa nkhope sizinayambire ku America. Ku Ireland ndi ku Scotland, kutha kwa Okutobala kunali chikondwerero cha Samhain, chosonyeza kuti zokolola zatha ndipo theka lamdima la chaka layamba. Anthu ankakhulupirira kuti usiku umenewo malire a pakati pa amoyo ndi akufa amapyapyala. Mpingo wa Chikhristu unaika Tsiku la Oyera Onse pa 1 Novembala ndi tsiku lopempherera akufa pa 2 Novembala, ndipo miyambo ya mbali ziwirizi inasakanikirana m'kupita kwa zaka. Zolembedwa za m'zaka za m'ma 1800 zimasonyeza kuti anthu a kumidzi ankagoba turnip, chomera cha muzu wobulungira ndi wolimba, n'kusemapo nkhope yoopsa, kenako n'kuikamo kandulo kapena khala lamoto. Ena ankayenda nazo nyalizi usiku kuopseza anzawo, ena ankaziika pazenera kuti zithamangitse mizimu yoipa. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya National Museum of Ireland, ku nthambi yake ya ku Castlebar, imasunga chifanizo cha turnip yotere yochokera ku County Donegal, ya maso aang'ono ndi mano oonekera.

Mwambowu umayenda limodzi ndi nthano ya Stingy Jack, munthu woumira ndi wachinyengo amene anapusitsa Satana kangapo mpaka kumulonjezetsa kuti sadzatenga mzimu wake. Jack atamwalira, kumwamba anamukana chifukwa cha zochita zake, ndipo Satana nayenso anasunga lonjezo lake n'kumukana. Anangomuponyera khala lamoto, lomwe Jack analiika m'turnip yogoba kuti limuunikire poyendayenda padziko wopanda kokhala.

Njala yaikulu ya ku Ireland ya 1845 mpaka 1852 inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi ndi kusamutsa ena ochuluka chimodzimodzi, ndipo ambiri anawolokera ku North America. Iwowa, pamodzi ndi ochokera ku Scotland, anapita ndi miyambo yawo ya Halloween. Kumeneko anapeza dzungu, lomwe ndi lalikulu kuposa turnip, lofewa posema, ndiponso lili kale ndi mphako m'kati. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nyuzipepala ndi magazini a ku America anali akulangiza amayi a pakhomo mmene angakongoletsere phwando la Halloween ndi nyali za maungu. Tanthauzo lakale lothamangitsa mizimu linazilala, ndipo nyaliyo inasanduka chizindikiro chakuti pakhomopo ana ovala zigoba ndi olandiridwa kudzapempha maswiti.

Dzungu lenilenilo

Dzungu ndi mbewu ya ku America. Nthanga zomwe zinapezeka m'phanga la Guilá Naquitz ku Oaxaca, m'dziko la Mexico, zimasonyeza kuti anthu anayamba kulima mtundu wa Cucurbita pepo zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, chimanga chisanayambe kulimidwa. Eni nthaka a kumpoto chakum'mawa kwa America, monga a Haudenosaunee a m'dera lomwe lero ndi chigawo cha New York, ankabzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi. Phesi la chimanga linkagwira nyemba zoyanga, nyemba zinkabwezera chonde m'nthaka, ndipo masamba a maungu ankaphimba pansi kuti chinyezi chisathe msanga ndi udzu usamere. Mbewu zitatuzi zinafika ku Africa ndi amalonda pambuyo pa chaka cha 1500, ndipo n'zimene lero zimapezeka pamodzi m'minda ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, kumene dzungu limapereka nkhwani, chipatso ndi nthanga.

Dzungu losema silofanana ndi dzungu lodya. Alimi a ku America anasankha mitundu yake poyang'ana maonekedwe: khungu la mtundu wa lalanje lakupsa, mizere yosazama, pansi pophwatalala kuti liime bwino, mphako yaikulu, ndi tsinde lolimba lonyamulira. Mtundu wakale wotchuka ndi Connecticut Field. Mlimi wa ku Massachusetts, John Howden, anatulutsa mtundu wina pakati pa zaka za m'ma 1960 ndi 1970 umene umadziwika ndi dzina lake, ndipo unakhala muyezo wa dzungu la Halloween. Maungu amenewa amadyeka, koma mnofu wake ndi wa madzimadzi, wa ulusi ndiponso wosatsekemera. Dzungu la m'zitini lomwe Amereka amaphikira makeke a pa chikondwerero cha Thanksgiving limachokera makamaka ku mtundu wa Dickinson, wa banja la Cucurbita moschata, womwe umalimidwa kwambiri kufupi ndi tauni ya Morton ku Illinois, chigawo chomwe chimatsogola pa ulimi wa maungu m'dzikolo.

Palinso maungu a mpikisano, a banja la Cucurbita maxima. Mtundu wa Atlantic Giant, womwe Howard Dill wa ku Nova Scotia ku Canada anautukula, umabala zipatso zofuna makina ponyamula. Mu 2023 dzungu la Travis Gienger wa ku Minnesota linalemera makilogalamu 1,247 pa mpikisano wa ku Half Moon Bay ku California. Osema amakonda maungu akuluakulu chifukwa khoma lake lochindikala limalola kusema mozama. Maungu wamba osema amabzalidwa kumapeto kwa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Julaye ndipo amakhwima pakatha masiku 90 mpaka 120, kuti akololedwe m'nthawi yeniyeni imene msika ukuwafuna.

Ulendo wa usiku

Wofuna kuona chionetsero cha ku Croton-on-Hudson amagula tikiti pasadakhale, yolembedwa tsiku ndi ola lolowera. Dongosololi limathandiza kuti anthu asaunjikane, chifukwa njira ndi yopapatiza ndipo onse amayenda kulowera mbali imodzi. Masiku oyandikira Halloween matikiti amatha msanga. Ulendo wonse ndi wapansi, panja, ndipo umatenga pafupifupi ola limodzi malinga ndi mmene munthu akuimaimira. Usiku wa masika kumazizira, makamaka pafupi ndi mtsinje, kotero alendo amavala majekete ndi nsapato zolimba. Pamalopo pamagulitsidwa zakudya za nyengoyi, monga madzi a maapozi otentha ndi madonasi.

Mlendo akalowa, choyamba n'chakuti maso ake azolowere mdima. Magetsi wamba amachepetsedwa dala kuti kuwala kwa maungu ndiko kulamulire. M'mbali mwa njira mumandandalikidwa maungu amodziamodzi, ena pansi, ena pa mipanda ya miyala, ena olendewera m'mitengo. Amenewa ndi oyenera kuwayandikira, chifukwa palibe awiri ofanana: lina likuseka, lina lakwiya, lina lasemedwa mfundo zolukanalukana za luso la Aselote, anthu akale a ku Ireland ndi ku Scotland, lina tsamba kapena kadzidzi.

Kenako pamabwera zomanga zikuluzikulu, zomwe ndizo zinatchukitsa chionetserochi. Apa dzungu limodzi limagwira ntchito ya njerwa. Maungu makumimakumi kapena mazanamazana amamangiriridwa pa mafelemu achitsulo kapena amatabwa, lililonse litasemedwa kachigawo ka chithunzi chachikulu. Zomwe zakhala zikuonetsedwa m'zaka zosiyanasiyana ndi monga chifanizo cha Statue of Liberty, mlatho woti anthu adutsemo wotsanzira mlatho wa Tappan Zee wa pa mtsinje wa Hudson, chigayo choyendera mphepo chomwe mapiko ake amazungulira, chikuku cha akavalo chozungulira ngati cha pa malo osewerera ana, mafupa a zinyama zakale za dinosaur, chinjoka cha m'madzi, ukonde waukulu wa kangaude, ndi wokwera pa kavalo wopanda mutu uja. Palinso chipinda chobulungira chomwe makoma ndi denga lake ndi maungu obooledwa nyenyezi, ndipo magetsi ake amathwanima ndi kusintha mitundu. Ntchito yokonza maonekedwe onsewa yakhala m'manja mwa Michael Natiello kwa zaka zambiri, ndipo nyimbo zomveka m'njira yonse, zomwe magetsi amayendera limodzi nazo, zinapekedwa ndi Richard Christy. Chaka chilichonse amawonjezera zatsopano ndi kuchotsa zina, kuti amene anabwera kale apeze chachilendo.

Ngakhale mwambowu unayamba ndi nkhani za mizimu, chionetserochi sichinakonzedwe kuti chiopseze. Mulibe anthu obisala odzidzimutsa alendo monga m'nyumba zoopseza za Halloween. N'chifukwa chake mumakumana agogo, makolo okankha ana m'zikuku, ana asukulu ndi ojambula zithunzi. Wojambula amene wayatsa fulashi amapeza chithunzi cha mulu wa maungu ndi zitsulo zowagwira, chifukwa kuwala kochokera kunja kumafafaniza kuwala kochokera m'kati.

Luso losema ndi kuwala

Kusema dzungu kumayamba ndi kuligoba. Wosema amadula chivindikiro pamwamba mozungulira tsinde, mpeni utapendekera m'kati kuti chivindikirocho chisagweremo. Ena amaboola pansi kapena kumbuyo, chifukwa dzungu lomwe tsinde lake silinadulidwe limachedwerako kufota. Kenako amakokolola nthanga ndi ulusi wonse ndi chisupuni cholimba, n'kupala khoma la mbali yosemedwayo kuti lipyapyale mofanana. Gawo limeneli ndi lotopetsa koma ndi lofunika, popeza zotsalira zonyowa ndizo zimayamba kuwola, ndipo khoma lochindikala mosiyanasiyana limatulutsa kuwala kwa mawangamawanga.

Njira zosemera zilipo zitatu. Yoyamba ndi yoboola: mpeni kapena kasowo kakang'ono kamadula mpaka kutulukira m'kati, ndipo kuwala kumatuluka kwathunthu. Iyi ndi njira ya nkhope yodziwika ya maso a ngodya zitatu ndi mano otalikirana. Vuto lake n'lakuti chigawo chilichonse chotsala chiyenera kulumikizika ndi khoma. Wosema akadula mzere wozungulira wonse, chapakaticho chimagwa, kotero amasiya timilatho ting'onoting'ono togwira mboni ya diso kapena pakati pa chilembo.

Yachiwiri ndi yopala. Apa wosema saboola, koma amachotsa khungu lakunja ndi mnofu pang'onopang'ono pogwiritsa ntchito timatchizulo tosemera zidindo ndi zipangizo za waya zomwe oumba amapalira dongo. Mnofu wa dzungu umalola kuwala kudutsa, ndipo kuchuluka kwa kuwalako kumadalira kuchindikala kwa khoma lotsala. Pamene papalidwa mozama pamawala chikasu chowala. Pamene papalidwa pang'ono pamaoneka kufiira kozimirira. Pamene khungu lasiyidwa pamakhala bii. Ndi milingo imeneyi wosema amatha kutulutsa nkhope ya munthu yokhala ndi makwinya, mthunzi wa pansi pa chibwano, kapena ubweya wa nyama. Ntchitoyi imafuna kuganiza mobwerera. Wojambula pa pepala amawonjezera inki pamene akufuna mdima, koma wosema dzungu amachotsa mnofu pamene akufuna kuwala, ndipo chomwe wachotsa sangachibwezeretse. N'chifukwa chake osema ambiri amagwira ntchito babu likuyaka m'kati mwa dzungu m'chipinda cha mdima, kuti aziona zotsatira za kupala kulikonse. Masana dzungu lotere limaoneka ngati lokalikakalika chabe, ndipo chithunzi chake chimabwera pokhapokha likayatsidwa.

Yachitatu ndi yosema mnofu ngati chiboliboli. Khungu lonse la mbali imodzi limachotsedwa, ndipo mphuno, masaya ndi milomo zimasemedwa m'khoma lochindikalalo. Dzungu lotere limaunikiridwa kuchokera kunja ndipo nthawi zambiri siligobedwa n'komwe. Ray Villafane wa ku America ndi mmodzi mwa amisiri amene anatchukitsa njirayi.

Gwero la kuwala nalonso limasintha maonekedwe. Lawi la kandulo limagwedera, ndipo nkhope imaoneka ngati ikupuma. Koma lawi limafuna mpweya, choncho pamafunika kabowo pamwamba kotulutsira utsi ndi kutentha, apo ayi chivindikiro chimapsa. Kutenthako kumaphika mnofu pang'onopang'ono ndi kufulumizitsa kufota. Timababu ta LED sititentha, sitizima ndi mphepo, ndipo tingalumikizidwe ku kompyuta kuti tiziyaka motsatira nyimbo. Zithunzi zopala zimafuna kuwala kwamphamvu kuposa kwa kandulo kuti kudutse mnofu. Pa zifukwa zimenezi zionetsero zikuluzikulu zimagwiritsa ntchito zonse ziwiri.

Mpikisano ndi kuwola

Gawo loposa 90 pa 100 la dzungu ndi madzi. Dzungu losadulidwa likasungidwa pozizira ndi pouma limatha miyezi, chifukwa khungu lake lolimba limatsekera chinyezi m'kati ndi tizilombo kunja. Likangodulidwa, chitetezo chimenecho chatha. Madzi amayamba kuuluka, m'mbali mwa mabowo mumakwinyika, mano osemedwa amapindikira m'kati, ndipo chuku ndi mabakiteriya zimalowa mumnofu. Kukafunda, dzungu losemedwa limaonongeka m'masiku atatu kapena asanu. Kukazizira bwino limatha sabata kapena kuposerapo pang'ono. Chisanu choundanitsa madzi nachonso chimaononga: madzi a mumnofu akaundana n'kusungunuka, dzungu limafewa n'kuphwanyika. Agologolo, agwape ndi nkhono nawonso amabwera kudzadya.

Chionetsero chomwe chimatenga miyezi iwiri sichingadalire maungu osemedwa kamodzi. Ku Croton-on-Hudson vutoli amalithetsa m'njira ziwiri. Zomanga zikuluzikulu zambiri zimapangidwa ndi maungu opanga, oumbidwa ndi thovu lolimba mooneka ngati enieni. Amenewa nawonso amasemedwa pamanja, limodzilimodzi, ndipo ntchito yake imayamba miyezi ingapo chionetsero chisanatsegulidwe. Amatha kusungidwa n'kugwiritsidwanso ntchito chaka chotsatira. Maungu enieni ndiwo amasinthidwa nthawi zonse m'nyengo yonseyo. Sabata ndi sabata magalimoto amabweretsa atsopano kuchokera kuminda, ongodzipereka amawagoba, kagulu ka amisiri kamasema, owola amachotsedwa, ndipo madzulo aliwonse anthu amayenda m'njira yonse kuyatsa makandulo alendo oyamba asanalowe. Mlendo amene wabwera mu Novembala saona maungu enieni omwe anaona wa mu Sepitembala, ngakhale chionetserocho chikuoneka chimodzimodzi.

Ntchito yonseyi ili ndi phindu loposa chisangalalo. Historic Hudson Valley ndi bungwe losapanga phindu la eni, ndipo ndalama za matikiti zimathandiza kusamalira nyumba zakale ndi maphunziro a mbiri. Pakati pa malo ake pali Sunnyside, nyumba ya Washington Irving, ndi Philipsburg Manor ku Sleepy Hollow, kumene alendo ndi ana asukulu amaphunzira za ukapolo m'madera a kumpoto kwa America. Kaundula wa chuma cha mwini malowo wa mu 1750 anatchula akapolo 23 ochokera ku Africa kapena obadwa kwa makolo a ku Africa, amene ankayendetsa chigayo ndi minda ya pamenepo.

Zionetsero zina

Ku Providence, m'chigawo cha Rhode Island, malo osungirako nyama a Roger Williams Park Zoo amachititsa Jack-O-Lantern Spectacular, chokhala ndi maungu pafupifupi 5,000. Anachiyambitsa ndi John Reckner, yemwe ankagwira ntchito ya positi, m'tauni ya Oxford ku Massachusetts mu 1988, ndipo chinasamukira ku Providence mu 2001. Mphamvu ya chionetserochi ili pa zithunzi zopala: amisiri amajambula ndi inki pa maungu akuluakulu nkhope za anthu otchuka, nyama ndi zochitika za m'mbiri, kenako n'kupala mozungulira mizereyo. Kuyambira 2013 chionetsero cha dzina lomweli chimachitikanso ku Iroquois Park mumzinda wa Louisville ku Kentucky. Nacho cha ku Croton-on-Hudson chinatsegula nthambi mu 2020 ku Old Bethpage Village Restoration pa chilumba cha Long Island.

Mtundu wina ndi wa anthu wamba, umene aliyense amabweretsa dzungu lomwe wasema kunyumba kapena kusukulu. Tauni ya Keene ku New Hampshire inayamba chikondwerero chotere mu 1991. Maungu ankaikidwa pa mashelefu ndi nsanja zazitali pakati pa tauni, ndipo cholinga chinali kuyatsa ochuluka zedi nthawi imodzi. Pa 19 Okutobala 2013 anayatsa maungu 30,581, chiwerengero chomwe chinalembedwa m'buku la Guinness World Records. Chaka chotsatira kunabuka chipolowe pafupi ndi malo a chikondwerero, khonsolo ya tauniyo inakana kuperekanso chilolezo, ndipo mu 2015 chikondwerero chachikulucho chinasamukira ku Laconia. Nkhani ya ku Keene imasonyeza chifukwa chake zionetsero zambiri masiku ano zimasankha malo otchingidwa ndi matikiti a ola lake: khamu la usiku limafuna dongosolo, chitetezo ndi ndalama.

Ku Ulaya mwambo wakale udakalipo m'malo ena. M'mudzi wa Hinton St George ku Somerset, ku England, ana amayenda ndi nyali zogoba pa Lachinayi lomaliza la Okutobala, usiku wotchedwa Punkie Night, ndipo mwamwambo nyalizo zimasemedwa pa mizu ikuluikulu yodyetsera ng'ombe. Komabe m'masitolo a ku Ireland ndi ku Britain dzungu la ku America ndilo lalanda malo a turnip.

Chionetsero chikatha

Halloween ikadutsa, funso limakhala la kotaya maungu. Ambiri a m'makomo amaponyedwa m'zinyalala, ndipo akakwiriridwa kudzala pansi pa zinyalala zina amawola popanda mpweya wabwino n'kutulutsa mpweya wa methane, womwe umathandizira kutentha kwa dziko. Mabungwe olimbana ndi kutaya chakudya, makamaka ku Britain ndi ku America, amakumbutsa anthu chaka chilichonse kuti dzungu ndi chakudya. Nthanga zake zimakazingidwa, ndipo mnofu wopalidwa posema ungaphikidwe msuzi tsiku lomwelo. Dzungu lomwe lakhala panja masiku angapo litasemedwa siliyenera kudyedwa ndi munthu, koma limapanga manyowa abwino likachotsedwa phula la kandulo ndi kuduladulidwa.

Matauni ambiri tsopano amakonza tsiku kumayambiriro kwa Novembala loti anthu abweretse maungu awo, ana awaphwanye, ndipo zidutswazo zipite kukapanga kompositi. Alimi ena amalandira maungu osapakidwa utoto kuti adyetse nkhumba, mbuzi ndi nkhuku, ndipo malo osungirako nyama amapatsa njovu ndi zimbalangondo maungu otsala pamsika kuti zisewere nawo ndi kudya. Akatswiri a zachilengedwe amachenjeza kuti kutaya maungu m'nkhalango si njira yabwino, chifukwa amakopa makoswe ndipo amatha kudwalitsa nyama zina monga akanungu aang'ono a ku Britain otchedwa hedgehog.

Pa zionetsero zikuluzikulu, kutseka ndi ntchito ya masabata. Mafelemu amamasulidwa, mawaya a magetsi amakulungidwa, maungu opanga amasanjidwa m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo minda ya nyumba yakale imakonzedwa chipale chisanagwe. Okonza amayamba kujambula mapulani a zomanga za chaka chotsatira m'miyezi yozizira, ndipo alimi amalandira maoda msanga kuti adziwe kuchuluka kwa nthanga zobzala nthaka ikafunda mu Meyi ndi Juni.